Kodi Wopalasa Bwato Anali ndi Mlandu?

Mlendo wofika pa boma la Mangochi amayamba waona nsanja ya wotchi imene inamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria. Pafupi pake pali mfuti ya sitima ya Guendolen ndiponso chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. Komatu mtsinje wa Shire, umene umayenda mwakachetechete chapafupi pomwepo, uli ndi mbiri ina imene zikumbutsozi sizinena.

M'zaka za m'ma 1800, dera la Mfumu Mponda linali powolokera amalonda a ukapolo. Anthu ogwidwa kumadzulo ankawolotsedwa kumeneku, magoli ali m'khosi, pa ulendo wa kugombe la nyanja yamchere. Pofuna kuthetsa malondawa, Harry Johnston anamangitsa linga mu 1891 kutsidya kwa mudzi wa Mponda, ndipo linatchedwa Fort Johnston.

Munthu akaima m'mphepete mwa mtsinjewu, maganizo amamufikitsa kale. Amaona gulu la akapolo litafika padoko, mayi wina ali ndi khanda kumsana. Amaonanso mwini bwato akudikira, nkhafi ili m'manja. Iyeyu sanagwire munthu, sanagule, sanagulitse. Ntchito yake inali kupalasa basi. Nanga anali ndi mlandu?

Ena amati analibe. Anali munthu wamba wokhala pansi pa mfumu yokhala ndi mfuti ndi wonga. Akanakana, mwina goli lomwelo likanagwera iye kapena ana ake, ndipo bwato likanapalasidwa ndi wina. Mantha otere si chinthu chochepa, ndipo wokhala pa mtendere asafulumire kuwanyoza.

Komabe mfundo imeneyi ili ndi polekezera. Malonda a ukapolo sakanatheka ndi mafumu ndi ogula okha. Panafunika wosema goli, wogulitsa ufa, wolondolera njira ndi wowolotsa. Aliyense wa iwo akanati, "Ine ndangogwira ntchito yanga," ndiye kuti zoipa zonsezo zinachitika popanda wozichita. Choncho mlandu wa wopalasa ndi wochepa poyerekeza ndi wa wogulitsa, koma ulipo ndithu, pakuti maso ake ankaona katundu amene wanyamula.

Tsono woweruza nkhaniyi asamale, paja anyani sasekana zikundu. Lero lino alipo woyendetsa galimoto amene amanyamula ana opita kukagwiritsidwa ntchito yakalavulagaga, osafunsa kanthu. Alipo kalaliki wodinda chidindo pa chikalata chimene akudziwa kuti n'chabodza. Alipo wogula mankhwala obedwa m'chipatala chifukwa ndi otsika mtengo. Onsewa amadzitonthoza ndi mawu amodzimodzi aja.

Kuyendera malo akale kumakhala ndi phindu pamene mlendo wadziyesa yekha ndi muyeso umene wayesera makolo. Wochoka padoko la Mangochi ayenera kubwerera kwawo akudzifunsa kuti nkhafi imene ili m'manja mwake ikuwolotsa chiyani.