KODI MWANA WOCEDWA KUMVA NDI CITSIRU?

M'midzi yathu ya ku Chongwe muli nkhani imene isautsa makolo ambiri. Ana awiri a bele limodzi alowa sukulu imodzi. Wina agwira mau a mphunzitsi tsiku lomwelo; mnzace abwera kwao wosakumbukira kanthu. Atate apsa mtima, nati, “Uyu ndi citsiru, akawete ng'ombe.” Kodi ciweruzo cimeneci ncolungama?

Tiyeni tilingalire. Mwana yemweyo wolephera masamu pa bolodi adziwa ng'ombe zonse za m'khola, ndipo ikasowa imodzi azindikira msanga. Nzeru ali nazo, koma sanapeze njira yace. Aphunzitsi akale anadziwa ici. Sukulu ya Jeanes itacoka ku Mazabuka kudza ku Chalimbana m'caka ca 1939, ophunzira ace sanali kuwerenga mabuku okha iai. Anaphunziranso ulimi, umisiri ndi ukhondo pogwira nchito ndi manja ao.

Kumbukirani Davide. Sauli anambveka zobvala zace za nkhondo, koma mnyamatayo sanakhoza kuyenda nazo. Anazibvula, natenga coponyera cace ndi miyala isanu ya mumtsinje. Momwemonso wophunzira asakakamizidwe kuyenda monga mnzace. Wina amvetsa powerenga mokweza m'mamawa, wina polemba, wina pokambirana ndi anzace pansi pa mtengo.

Koma pano pali msampha. Mwana angathe kunena, “Ine ndimva ndi makutu okha, kuwerenga si kwanga.” Umenewo ndi ulesi. Anthu ofufuza za maphunziro sanapeze umboni wokwanira wakuti munthu aphunzira ndi khutu lokha kapena diso lokha. Ndipo Davide sanayambe kuponya miyala tsiku la Goliati. Dzanja lace linazolowera kale.

Cotero pali lamulo limodzi la onse, ofulumira ndi ocedwa omwe. M'caka ca 1885 Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anaonetsa kuti munthu aiwala zambiri m'maora oyamba ataphunzira, ndi kuti kubwereza patapita masiku kukhazikitsa mau mumtima. Mlimi adziwa zimenezi, pakuti munda wa cimanga supaliridwa kamodzi.

Tsono mwana wanga, werenga pang'ono, nutseke buku, nunene wekha zimene wawerengazo. Pamene waiwala, tsegulanso. Ubwerezenso mawa, ndi sabata yamawa. Ukakhoza kufotokozera mng'ono wako iye namva, pamenepo wadziwadi. Usayembekeze usiku wa mayeso, pakuti pang'onopang'ono ndi mtolo.

Ndipo inu makolo, musafulumire kuweruza. Mau akuti citsiru alemera, ndipo mwana wowamva kawirikawiri ayamba kuwakhulupirira, naleka kuyesa. Mpatseni nyali ndi nthawi madzulo, mumfunse zimene waphunzira, ngakhale inu simunapite ku sukulu. Kuona maso a nkhono nkudekha.