Milungu ya M'mafilimu: Kodi Mukanasankha Uti?

Tsiku lina Loweruka masana, titatsiriza kuphunzira nyimbo za kwaya, mnyamata wina wa m'gulu lathu anafunsa funso limene poyamba tinaliyesa nthabwala cabe. Anati, "Tinene kuti mawa mwadzukira m'dziko la m'filimu, ndipo akuuzani kuti musankhe cipembedzo cimodzi ca kumeneko. Mungatsate citi?" Tinaseka, koma palibe amene ananyamuka kupita kunyumba. Tinatsutsana mpaka dzuwa kupendeka. Nanunso acinyamata anzanga, yankhani funsoli mumtima musanapitirize kuwerenga, cifukwa yankho lanu lidzaulula kanthu kena ponena za inu eni.

Coyamba, tisacite mantha. Kukambirana za milungu yopeka sindiko kupembedza mafano, monganso kumvetsera nthano ya Kalulu sikusandutsa mwana kukhala wabodza. Amene anaipeka milunguyi tiwadziwa maina ao, ndiponso zaka zimene anaipekera. Iri ngati kalirole. Munthu akaima patsogolo pake, amaona cimene mtima wake umafuna kwa Mulungu.

Anyamata ambiri anasankha cipembedzo ca a Jedi, ca m'mafilimu a Star Wars amene George Lucas anayamba kutulutsa mu 1977. A Jedi amakhulupirira mphamvu yosaoneka yochedwa Force, imene imalumikiza zamoyo zonse. Wophunzitsidwa bwino angathe kunyamula cimwala osacikhudza, kapena kutembenuza maganizo a mlonda ndi mau ocepa. Mtsikana wina anasankha Bast, mulungu wamkazi wa dziko la Wakanda m'filimu ya Black Panther ya mu 2018, cifukwa kumeneko mfumu imakakumana ndi atate ake amene anamwalira ndi kuwafunsa nzeru. Anati zimamkumbutsa zimene ambuya ake amasimba za mizimu ya makolo.

Koma amene anautsa mkangano waukulu anali mnyamata amene anaonerera Game of Thrones, sewero la pa TV limene linaonetsedwa kuyambira mu 2011 mpaka 2019, locokera m'mabuku a George R. R. Martin. Sindikukulimbikitsani kulifunafuna, pakuti muli zamanyazi ndi zankhanza zambiri. M'dziko limenelo ena amapembedza Asanu ndi Awiri m'nyumba zazikulu zokhala ndi ansembe. Ena amapemphera kwa milungu yakale pansi pa mitengo yoyera yosemedwa nkhope, popanda wansembe kapena buku. Mnzathuyo anakana zonsezi nasankha R'hllor, Mbuye wa Kuwala. Titamfunsa cifukwa cake anati, "Ndiye yekha amene amagwira nchito. Wansembe wake wamkazi, Melisandre, anaukitsa Jon Snow atafa. Enawo angokhala cete."

Pamenepo ndinazindikira kuti, kupatulapo mtsikana uja, tonse tinali kuyang'ana cinthu cimodzi: mphamvu. Tinasankha mulungu monga momwe timasankhira foni pamsika, kufunsa cabe kuti icita zotani. Palibe amene anafunsa kuti mulunguyo adzafuna ciyani kwa ife, kapena kuti nsembe yake idzaperekedwa ndi yani. Akuluakulu anati cikomekome ca nkuyu, m'kati muli nyerere. Tiyeni tiing'ambe nkuyuyi.

M'cigawo ca seweroli ca mu 2015, mfumu Stannis Baratheon ndi asilikali ake anatsekeredwa ndi cipale cofewa, cakudya ciri kutha. Melisandre anamuuza kuti Mbuye wa Kuwala afuna magazi acifumu. Stannis anapereka mwana wake wamkazi mmodzi yekhayo, Shireen, kamtsikana kofatsa kamene kanaphunzitsa mkulu wina wa nkhondo kuwerenga. Anamtentha wamoyo, atate ake ali kupenya. Cipale cinasungunukadi. Koma theka la asilikali linathawa usiku, amai a mwanayo anadzimangirira, ndipo Stannis anagonja nkhondo naphedwa. Mulungu uja "anagwira nchito", koma wakufa anali mwana amene sanafunsidwe.

Nanga a Jedi aulemu aja? M'filimu ya mu 1999 anapeza kamnyamata ka zaka 9, Anakin Skywalker, kali kapolo pamodzi ndi amai ake, Shmi. Popeza kanali ndi mphamvu zambiri za Force, anakaombola napita nako. Amai ake anatsala muukapolo, ndipo palibe wa gulu la Jedi amene anabwerera kukawamasula. Mwanayo anaphunzitsidwa kuti kumamatira munthu aliyense ndi ngozi, ndipo analetsedwa kukwatira. Patapita zaka 10 anabwerera, napeza amai ake ali pafupi kufa, ndipo anafera m'manja mwake. Anakwatira mobisa, anakhala ndi mantha opanda womuuza, ndipo potsiriza anasanduka Darth Vader, wakupha anthu osawerengeka. Gulu limene linaona mphatso ya mwana koma losaona misozi ya amai ake linakolola cimene linafesa.

Conco muyeso woyamba wa cipembedzo ciri conse, copeka kapena ceniceni, ndi uwu: kodi cimamcita ciyani munthu wopanda mphamvu? Musayang'ane pa guwa pamene pali zozizwitsa. Yang'anani kumbuyo, kumene kuli mwana, kapolo ndi mkazi wamasiye.

Pali muyeso waciwiri, ndipo nkhani yoona ya ku Ulaya itithandiza kuuona. Pa kalembera wa mu 2001 ku England ndi Wales, anthu 390,127 analemba kuti cipembedzo cao ndi Jedi. Ambiri anacita zimenezi moseka, ena potsutsa funso la cipembedzo lenilenilo. Mu 2011 ciwerengero cinatsika kufika pa 176,632, ndipo mu 2021 sanakwane ndi 2,000 omwe. Kodi enawo anapita kuti? Palibe amene anawazunza. Nthabwala inangotha kukoma. Cipembedzo cao sicinawadzutse usiku kukaona wodwala, sicinawauze kubweza ndalama imene anabera mnzao, sicinawakanize kanthu. Analowa kwaulere, naturukanso kwaulere.

Mulungu amene mwadzisankhira cifukwa agwirizana ndi zofuna zanu sangakutsutseni, pakuti mau ake ndi anu omwe. Mneneri Yesaya, m'caputala 44, anaseka mmisiri amene adula mtengo, mbali ina asonkhera moto ndi kuwocherapo nyama, mbali yotsala aisema ndi kuigwadira. Colakwa ca mmisiriyo cinali kuiwala kuti cinthu cosemedwa ndi dzanja lake sicingamdzudzule.

Mwina mudzati, "Koma ife sitinaseme kanthu, ndife Akristu." Ndi pamenepa pamene funso la mnzathu uja linandilasa ine mwini. Kodi si ife amene timacoka mpingo uwu kupita uwo, kufunafuna kumene "kuli mphamvu"? Mayeso akayandikira, kapena nchito ikasowa, timathamangira kwa mneneri amene tamva kuti mapemphero ake amayankhidwa msanga. Timagula mafuta odzozedwa ndi ndalama imene amai anatipatsa ya fizi. Ndipo mneneriyo akanena kuti amene anamanga mwai wathu ndi ambuya a kumudzi, timakhulupirira, ndi kuleka kuwatumizira ngakhale sopo. Kodi nkhalamba imeneyo isiyana bwanji ndi Shireen? Ifenso tapereka wofooka kuti cipale cathu cisungunuke. Dzina la Yesu lingakhale pakamwa pathu pamene mtima uli kugwadira R'hllor.

Anzanga sanandilole kucoka osayankha. Ndinawauza kuti ine ndikanapita ku dziko la m'buku la J. R. R. Tolkien lochedwa The Lord of the Rings, limene linasindikizidwa mu 1954 ndi 1955. Tolkien anali Mkatolika wodzipereka, koma mwadala sanaikemo machalichi kapena ansembe pakati pa ngwazi zake. Nkhani yonse yatsamira pa cifundo. Frodo, wonyamula mphete yoipa kuti akaiwononge, anali ndi mpata wakupha Gollum, colengedwa cabodza ndi conyansa cimene cinali kumlondola. Anamleka ndi moyo. Atafika pa phiri la moto, Frodo analephera: mphete inamgonjetsa, nakana kuiponya. Gollum ndiye anamluma cala, nalanda mphete, nagwa nayo m'moto. Dziko linapulumuka kaamba ka cifundo cimene cinacitidwa kwa munthu wosayenera, pa nthawi imene cifundoco cinaoneka ngati kupusa.

Mnyamata wa R'hllor uja anati, "Aphunzitsi, mwatibera. Cimeneco si cipembedzo." Mwina ananena zoona. Koma ndinamuyankha kuti pa zonse zimene tinachula, ndi cokhaco cimene cinandikumbutsa Mulungu amene ndimdziwa, amene pofuna kupulumutsa dziko anasenza yekha mtanda m'malo mousenzetsa wofooka, ndiponso amene amandikaniza zambiri zimene mtima wanga ufuna.

Pa msonkhano wanu wotsatira, yesani kufunsana funso lomweli. Lolani aliyense asankhe momasuka, osamseka. Akatsiriza, mufunseni cifukwa cake, ndipo mumvetsere bwino. Kenaka aliyense adzifunse yekha: ndi liti pamene Mulungu wanga anandikaniza cinthu cimene ndinali kucifunitsitsa, ine ndi kumvera? Ngati simungakumbukire tsiku lotere, khalani pansi ndi kuyang'anitsitsa amene mumamgwadira, kuti mwina ndi mtengo umene munasema nokha.