Chizungulire cha pambuyo pa nsima: kodi wodzidwalitsa yekha ayenera chifundo?

M'makomo ambiri muno m'tauni muli munthu amene abale ake anazolowera kumuona akudzandira. Akabwera usiku akupepesuka, palibe amadabwa. Koma pali kudzandira kwina kumene kumachitika masana, munthuyo asanalawe ndi dontho lomwe. Wadya nsima, wasamba m'manja, akuti adzuke, m'maso mwada bii, mutu wazungulira, wagwira khoma kapena wagwa. A pabanja amati ndi matsire a dzulo. Ena amaseka, ena amati adzionere yekha poti anazifuna dala. Mawu akuti anazifuna dala ndi ofunika kuwaunika, chifukwa mwa iwo muli choona, komanso muli nkhanza yobisala.

Munthu aliyense akadya, magazi ambiri amathamangira kumimba ndi kumatumbo kukathandiza kugaya chakudya. Kuti ubongo usaperewedwe magazi, mtima umagunda mofulumirirapo ndipo mitsempha ya magazi ya m'miyendo imafinyika pang'ono. Ntchitoyi imayendetsedwa ndi minyewa imene imagwira yokha mwini wake osadziwa. Mowa wambiri wa zaka zambiri umawononga minyewa imeneyi, ndipo ikafooka, BP imatsika munthu akangodya. Madokotala amati vutoli lilipo ngati nambala yapamwamba ya BP yatsika ndi 20 kapena kuposerapo pasanathe maola awiri chidyereni. Chakudya chambiri cha ufa chodyedwa nthawi imodzi, monga mitanda ya nsima ya munthu amene wagona ndi njala, chimakulitsa vutoli. Mowa umatambasulanso mitsempha ya magazi ndi kutaya madzi a m'thupi kudzera m'mkodzo.

Palinso zifukwa zina. Chiwindi chotanganidwa ndi mowa chimalephera kupanga shuga wokwanira, makamaka kwa womwa pamimba yopanda kanthu. Mowa umalepheretsa thupi kuyamwa bwino vitamini B1, amene minyewa ndi ubongo zimamudalira, ndipo amapezeka m'nyemba, m'mtedza ndi m'mgaiwa kuposa mu ufa woyera. Mowa ungathenso kutupula khungu la m'kati mwa chifu n'kumadontheza magazi pang'onopang'ono mpaka munthu kuchepa magazi. Koma chizungulire chotere chimagwiranso okalamba, odwala shuga ndi ena omwa mankhwala a BP amene sanalawepo mowa. Choncho woona mnzake akudzandira atadya n'kuthamangira kunena kuti waledzera angathe kunamizira munthu wodwala.

Nanga pamene mowa ulidi gwero lake, mlandu ndi wa yani? Funsoli si la lero. Aristotle, woganiza mozama wa ku Greece amene anamwalira m'chaka cha 322 Khristu asanabadwe, anafanizira munthu wodzidwalitsa ndi makhalidwe ake ndi munthu woponya mwala. Mwala uli m'dzanja, ali ndi ufulu wouponya kapena kuusiya. Ukachoka m'dzanja sangaubwezenso, komabe woponya ndi iyeyo. Fanizoli lili ndi mbali ziwiri, ndipo anthu amakonda kutola imodzi. Okwiya amatola yoyamba: anaponya yekha. Omvera chisoni amatola yachiwiri: sangathenso kudziletsa. Amene akufuna kuthandizadi ayenera kugwira zonse ziwiri.

Mkwiyo wa a pabanja suyenera kupeputsidwa. Mayi amene wakhala zaka akuona malipiro a mwamuna wake akuthera ku shabini, ana akubwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, lendi ikulipidwa ndi ndalama za mandasi, ali ndi chifukwa chomveka chotopera. Kumuuza mayi wotere kuti angopirira, ngati kuti palibe chinalakwika, ndi kumulakwira kachiwiri. Womwa mowayo ali ndi ngongole kwa mkazi wake ndi ana ake, ndipo matenda safafaniza ngongoleyo.

Komabe kudziwa wolakwa ndi nkhani ina, kusankha woyenera kutulidwa pansi akagwa ndi nkhani inanso. Chithandizo chikanakhala cha okhawo amene sanadzipweteke okha, zipatala zikanakhala pululu. Wa shuga amene sasiya zotsekemera, wa BP amene salekana ndi mchere, wa kabaza amene anathyoka mwendo chifukwa cha liwiro, onsewa anaponyako mwala wawo. Palibe amawafunsa kuti ayambe alapa asanamangidwe bandeji. Chidakwa amachiweruza mwapadera chifukwa kufooka kwake kumaonekera pamsewu ndipo kumanunkha, pamene kufooka kwa ena kumabisala m'nyumba. Ulemu wa munthu suchokera pa khalidwe lake labwino. Anali nawo asanayambe kumwa ndipo akadali nawo pamene wagwira khoma.

Tsono chifundo chenicheni sichinama. Pali mabanja amene amabisa, namauza alendo kuti bambo akudwala malungo, ndipo kwa dokotala satchula mowa chifukwa cha manyazi. Kubisa kotere kumaoneka ngati chikondi koma kumasokeretsa wofuna kuchiza. Akale anati wakutsina khutu ndi mnansi. Mnansi weniweni ndi amene angathe kukhala pansi ndi wodwalayo pa nthawi imene ali bwinobwino, osati pamaso pa ana, n'kumuuza kuti: "Achimwene, chizungulire chimenechi si matsire. Thupi lanu likukuchenjezani. Tiyeni mawa tipitire limodzi kuchipatala." Mawu amenewa ali ndi choonadi ndipo alibe chitonzo.

Chithandizo chake n'chotheka ngakhale pakhomo losauka. Wodwala akayezetse BP, shuga ndi kuchuluka kwa magazi, ndipo anene zoona za mowa umene amamwa. Adye pang'onopang'ono kangapo pa tsiku m'malo modya kwambiri kamodzi, amwe madzi asanadye, ndipo akhale pansi kwa kanthawi akamaliza kudya asanadzuke. Akakomoka, akasanza magazi, akachita chimbudzi chakuda ngati phula kapena akasokonezeka mutu, apite naye kuchipatala nthawi yomweyo. A pabanja adziwenso kuti munthu amene wamwa kwambiri tsiku ndi tsiku kwa zaka sayenera kusiya mwadzidzidzi popanda achipatala, chifukwa m'masiku awiri kapena atatu oyamba angathe kunjenjemera, kugwa khunyu kapena kuona zinthu zomwe palibe, ndipo ena amafa nazo. Kumutsekera m'chipinda kuti mowa umuthere ndi kuika moyo wake pachiswe. A St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe ali ndi chithandizo cha anthu ofuna kusiya mowa.

Womwayo nayenso ali ndi udindo umene palibe angamusenzere. Ngakhale mwala wakale sungabwerere, m'dzanja mwake muli wina lero. Matt Talbot, mnyamata waganyu wa ku Dublin m'dziko la Ireland, anayamba kumwa ali ndi zaka pafupifupi 12 ndipo anamwa kwa zaka 16. Mu 1884 analonjeza kusiya kwa miyezi itatu yokha, kenaka anawonjezera, ndipo sanamwenso mpaka imfa yake mu 1925. Anabwezanso ngongole zimene anasiya m'malo omwera. Mpingo unamutcha Wolemekezeka mu 1975. Nkhani yake sikutanthauza kuti kusiya n'kosavuta. Ikuonetsa kuti ufulu wa munthu umachepa ndi chizolowezi koma sutheratu, ndipo umayambiranso pa lonjezo laling'ono limene munthu angathe kulisunga.

M'miphakati muli mwambo wabwino woyendera odwala. Kawirikawiri mndandanda wa oyenderedwa umakhala wa okalamba ndi ogonekedwa m'chipatala, pamene khomo la womwa mowa limalambalalidwa, ndipo mkazi wake amasenza yekha katundu ndi manyazi omwe. Khomo limenelo nalo ndi la wodwala. Oyendera odwala angathe kufikako ndi nyemba pang'ono, kumva madandaulo a mayiyo popanda kumudzudzula, ndi kupeza bambo mmodzi wa mumphakati amene angaperekeze mnzakeyo kukayezetsa BP sabata ino.