Nthenga pa mbedza



Anyamata owedza mumtsinje wa Lilongwe kapena Lingadzi amayamba ndi kukumba nyongolotsi, poti mlamba umatsata fungo la nyambo.

Koma kuli asodzi ena amene sakumba chilichonse. Madzulo amakhala patebulo ndi kambedza, ulusi ndi nthenga za tambala kapena za nkhanga. Amakulunga mwachifatse, kuika timapiko, kusiya kamchira, mpaka mbedzayo izioneka ngati kachilombo kouluka kamene kagwera pamadzi. Nsomba imene amaifuna ndi trout, yomwe inabwera nthawi ya atsamunda. Imafuna madzi ozizira kwambiri, ndiye kuno ku Lilongwe singapirire. Kwake ndi paphiri la Zomba, mumtsinje wa Mulunguzi, komanso m'madamu a ku Chelinda ku Nyika.

Ena akaigwira amaibwezeranso m'madzi. Ife ogula bonya wapamulu zimenezo zimatizunguza mutu, ndiwo kuzitaya dala! Komabe luso la zala zawozo ine ndimalivulira chipewa.