NDALAMA ZA TSOKA LIMENE LISANAFIKE: MWINI WACE NDANI?

Pali ndalama za mitundu iwiri zimene Boma limaturutsa pa nkhani ya madzi osefukira. Zina zimaturuka madzi atapita kale: ndizo zogulira ufa, nyemba, mabulangete ndi matenti a anthu amene athawira m'masukulu. Zina zimaturuka kunja kuli ngwee, mvula isanayambe: ndizo zomangira makoma ochinga madzi, amene ambiri awacha madayiki, zokumbira ngalande, zobzalira mitengo m'mbali mwa mitsinje, ndi zomangira nyumba zothawirako pamtunda. Za mtundu woyamba palibe wozikana, pakuti wanjalayo timamuona ndi maso athu. Za mtundu waciwiri ndizo zobvuta, ndipo ndizo tifuna kuzilingalira lero. Funso lathu nali: ndalama zoperekedwa cifukwa ca tsoka limene silinafike, mwini wace ndani?

Tiyambe takumbuka kuti tsokalo si mlendo pakati pathu. M'caka ca 1946 phiri la Zomba linagumuka ndi mvula, anthu nati kwadutsa Napolo. M'caka ca 1991 madzi ndi miyala zinatsika m'phiri la Michesi nizikwirira midzi ya ku Phalombe, ndipo caka comweco Boma linakhazikitsa lamulo la za ngozi zogwa mwadzidzidzi. M'Januwale 2015 madzi anasefukira m'maboma 15, anthu 106 anafa, ndipo oposa 200,000 anasowa pogona. M'caka ca 2019 kunadza namondwe wa Idai. M'caka ca 2022 wa Ana, amene anaononga malo opangira magetsi a Kapichira. M'caka ca 2023 wa Freddy, amene matope ace anatsika m'phiri la Soche nakwirira nyumba za ku Chilobwe. Pa Freddy yekhayo akufa pamodzi ndi osowa anapitirira 1,000, ndipo anthu oposa 600,000 anasiya nyumba zao. Akulu akale anati madzi saiwala khwawa. Maina a Nsanje, Chikwawa, Phalombe, Mulanje ndi Zomba abwera-bwera m'nkhani zimenezi. Tsiku la tsoka sitilidziwa, koma malo ace tiwadziwa bwino. Ndipo munthu wodziwa malo sangathe kunena kuti anadzidzimuka.

Koma wina adzati: Ku cipatala kulibe mankhwala lero lino, ana ali kuphunzira pansi pa mtengo lero lino, kodi ndi nzeru kuunjika miyala m'mbali mwa mtsinje wouma? Funso limeneli si lopusa ai, ndipo liyenera yankho. Yankho lace ndi lakuti ndalamazo zidzaturuka ndithu, kaya tifune kaya tisafune. Cimene tingasankhe ndi nthawi yace basi. Tikadikira kuti madzi apite, tilipira zambiri. Atapita Freddy, Boma ndi abwenzi ace anawerengera kuti kumanganso zoonongeka kufuna madola pafupifupi 680 miliyoni. Ku America, kumene Boma limapereka ndalama zotere kwa matauni ndi midzi, bungwe la National Institute of Building Sciences linapeza m'caka ca 2017 kuti dola imodzi yoperekedwa tsoka lisanafike imapulumutsa madola 6 amene akanaonongeka pambuyo pace.

Ndipotu ndalama si cinthu cacikulu pa nkhaniyi, pakuti mlatho umangidwanso koma wakufa sabwera. Taonani dziko limene lero lichedwa Bangladesh, dziko lacigwa ndi la anthu osauka, longa cigwa cathu ca Shire. Namondwe wa 1970 anapha anthu osacepera 300,000 kumeneko, ndipo wa 1991 anapha pafupifupi 140,000. Boma ndi abwenzi ace anamanga nyumba zothawirako zazitali, zoimirira pa mizati, zimene masiku amtendere zimakhala masukulu; anaphunzitsanso anthu odzipereka a m'midzi kuti aziyenda ndi zimkuzamau kucenjeza anzao. Pamene namondwe wamkulu wa Sidr anafika m'caka ca 2007, akufa owerengedwa ndi Boma sanakwane 4,000. Mphepo sinacepe mphamvu. Anthu ndiwo anali okonzeka.

Cotero ndalama zimenezi nzoyenera. Komatu ziri ndi bvuto lace-lace limene ndalama zina ziribe, ndipo apa ndipo pagona nkhani yathu. Dayiki ikagwira bwino nchito yace, palibe cimene cimaoneka. Mtsinje udzaza usiku, madzi agunda khoma nabwerera, anthu agona tulo, kukaca napita kumunda. Palibe maliro, palibe nkhani pa wailesi, palibenso wothokoza mmisiri amene anamanga. Ndipo dayiki ikamangidwa mwacinyengo, nayonso siioneka msanga. Caka coyamba mvula icepa, khoma liri ciriri. Caka caciwiri cimodzimodzi. Wakuba ufa wa anthu a pa msasa agwidwa tsiku lomwelo, cifukwa mwini ufayo ali pomwepo, mbale iri m'manja. Koma wakuba simenti ya dayiki akhoza kukhala pa mtendere zaka zisanu, napatsidwa ulemu pa misonkhano. Ndipo pofika usiku umene khomalo ligwa, anthu adzati ndi mvula, ena adzati ndi Napolo, ndipo dzina lace silidzachulidwa konse.

Ndico cifukwa cace ambiri amadzinyenga kuti ndalama za Boma ziribe mwini. Mau amenewa ngonama kawiri. Ngonama tikayang'ana kumene ndalamazo zicokera: zicokera ku msonkho umene mai wosauka alipira pogula sopo ndi shuga, kapena ku ngongole imene ana athu adzabweza, kapena ku mphatso ya anthu a maiko ena amene nawonso anakhetsa thukuta. Ngonamanso tikayang'ana kumene zipita. Eni ace a ndalama za dayiki ndi anthu amene adzakhale ali m'tulo kuseri kwa khomalo usiku wa madzi: nkhalamba yosatha kuthamanga, mai wodwala, ndi ana, ena a iwo sanabadwe nkomwe. Sitingathe kuwachula maina lero, koma kusadziwika kwao sikucotsa ufulu wao. Wosunga cuma ca mwana wamasiye sakhala mwini wace cifukwa cakuti mwanayo sanayambe kulankhula.

Tinene zoposa apa. Khoma lomangidwa mwacinyengo nloipa kupambana kusakhalapo kwa khoma. Pamene palibe dayiki, anthu amagona khutu liri kumtsinje. Madzi akayamba kukwera, anyamula ana ndi mbuzi nathawira kumtunda. Koma akaona khoma, mitima yao ikhala pansi. Amanga nyumba pafupi nalo, namva cenjezo koma osasuntha. Amene anacepetsa simenti, nathira mcenga wambiri, sanangoba cabe. Wauza mudzi wonse bodza, ndipo bodzalo walimanga ndi miyala kuti likhalitse. Mlandu wace si wa matumba makumi awiri amene anagulitsa; ndi wa miyoyo imene inakhulupirira nchito ya manja ace. Kutalika kwa zaka za pakati pa kuba ndi maliro sikucepetsa chimolo. Wochera msampha pa njira ya anthu ngwopalamula kuyambira tsiku lochera, ngakhale msamphawo ugwire caka camawa.

Nanga tsono udindo uli pa yani? Uli pa magulu atatu.

Poyamba uli pa Boma, limene m'caka ca 2023 linapanga lamulo latsopano la za ngozi m'malo mwa lija la 1991. Pogawa ndalamazi, muyeso wolungama ndi kukula kwa ngozi. Dera la anthu ophunzira, odziwa kulemba makalata opempha ndi kugogoda pa maofesi, lisatsogole cifukwa ca pakamwa pace, pamene mudzi wakutali, umene madzi amauzinga caka ndi caka, uli cete. Ndiponso ndalama zomangira zisathere m'misonkhano ndi m'malawansi, kotero kuti pofika kumtsinje zatsala za miyala yowerengeka. Amisiri a Boma afunsenso eni dera, pakuti nkhalamba ya pamudzi idziwa pamene madzi analowera m'caka ca 2015.

Kaciwiri uli pa mafumu ndi makomiti a m'midzi oyang'anira za ngozi. Iwo ndiwo maso a anthu aja osadziwika maina. Ayenera kudziwa kuti ndalama zaperekedwa zingati, khoma lidzatalika bwanji, matumba a simenti afika angati. Ndipo zonsezi ziwerengedwe poyera, pabwalo, mudzi wonse uli kumva. Wa m'komiti amene asaina kuti nchito yatha, pamene maso ace aona kuti siinathe, wagawana mlandu ndi kontilakitala, ngakhale iye sanalandireko kanthu. Kukana kusaina nkobvuta, makamaka pamene wopemphayo ndi mkulu kapena mbale; koma cilungamo cobvuta ndico cisunga mudzi.

Kacitatu uli pa ife tonse. Boma likhoza kumanga, koma silingagone pa dayiki kuilonda. Amene atapa miyala ya khoma kukamangira maziko a nyumba yace, amene adula waya womanga miyalayo kuti akachingire khola, amene alima pamwamba pa khoma, kapena kuocha makala ndi mitengo yobzalidwa m'mbali mwa mtsinje, onsewa acita cimodzimodzi ndi wakuba simenti uja, kungoti aliyense atengako pang'ono. Ndipo madzi safuna khomo lalikulu. Kadzenje kamodzi kakwanira.

Inu aphunzitsi ndi akulu a m'midzi, amene mudziwa kuwerenga ndi kulemba, ndipo anthu amamvera mau anu, nchito iyi ikuyenerani. Mukamva kuti ndalama zotere zafika m'dera lanu, funsani mwaulemu kuti makalata ace awerengedwe, ndipo muthandize osatha kuwerenga kuti amve. Cakudza siciimba ng'oma. Mwezi wa Okutobala, mitambo isanasonkhane, itanani anthu muyende nao m'mbali mwa khoma kuyambira kumutu kufikira kumapeto. Muone pamene pang'ambika, pamene ngalande yatsekeka, pamene mitengo yadulidwa, ndipo zimene mungathe kukonza ndi makasu anu mukonze, zotsalazo muzilembere kwa a Boma mvula isanagwe.