Tomasi Sadamtsekere Kunja

Tsiku lina Lamulungu, Misa itatha pa katchalitchi kena m'dera la Mfumu Mpama kuno ku Chiradzulu, mai ena achikulire adandidikira pansi pa mtengo wa mango kufikira anthu onse atabalalika. Titapatsana moni adanena motsitsa mau: "Bambo, mwana wanga wamsiya Mulungu. Tidagulitsa mbuzi ndi nandolo kuti akaphunzire ku Zomba, lero wabwerako akuti kumwamba kulibe aliyense. Chonde mubwere mudzamdzudzule, pakuti inu mudaŵerenga mabuku ambiri kuposa iye."

Ndidavomera msanga, ndipo ndiulule kuti mumtima ndidakondwa. Zaka zanga za ku Kachebere ndi ku seminale ya Petulo Woyera ku Zomba zidandisiyira mayankho ochuluka, ndipo sabata yonse ndidakhala ndikuŵanola monga mlenje anolera mikondo yake. Ndinkayesa kuti mnyamatayo adzayamba ndi nkhani ya sayansi, choncho ndidakonzeratu kumuuza za Georges Lemaître, wansembe wa ku Belgium, amene mu 1927 adasonyeza ndi masamu kuti thambo lonse likunka lifutukuka. Ndidanyamuka ngati munthu wopita ku mlandu umene akudziŵa kale kuti aupambana.

Ulendo umenewo udandisiyira funso limene ndifuna kuti tilisinkhesinkhe pamodzi, inu oŵerenga, makamaka makolo amene muli ndi mwana wotere pakhomo. Kodi kuteteza chikhulupiriro nkutani? Ngati tanthauzo lake ndi kumpanikiza munthu kufikira atasoŵa chonena, ndiye kuti mabanja ambiri apambana kale mtsutso, koma ana ao aŵataya.

Ndidampeza mnyamatayo pakhonde akumata chubu cha njinga. Adandilandira mwaulemu, nandipatsa mpando. Nditayamba za Lemaître adamwetulira nati, "Bambo, zimenezo ndidaziŵerenga, ndipo sindizitsutsa. Vuto langa lili pena." Adandiuza kuti mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula phiri ndi kukwirira mudzi wa Ntauchira m'boma lathu lomwe lino, iye adali mmodzi mwa anyamata amene adapita kukathandiza kufukula matope. Ndi manja ake adanyamula mtembo wa kamwana. "Amai ake a mwana ameneyo ankapemphera monga apempherera amai angaŵa," adatero. "Nanga Mulungu wanuyo adali kuti?"

Mikondo yanga yonse idasanduka yopanda ntchito. Ndidakumbukira kuti Thomas Aquinas Woyera, mphunzitsi wamkulu wa Eklezia amene adamwalira mu 1274, asanapereke zifukwa zake zisanu zokhulupirira kuti Mulungu alipo, adayamba walemba zimene otsutsa anganene, ndipo choyamba mwa izo chidali kuipa kumene kuli pansi pano. Sadachibise kapena kuchichepsa. Munthu amene sangathe kubwereza funso la mnzake momveka bwino, kotero kuti mwini funsoyo avomere kuti ndi lomwelo, sanayenerebe kuliyankha. Ife kaŵirikaŵiri timayankha funso limene tabwera nalo tokha, la mwanayo tisanalimve nkomwe.

Pa masautso pali zina zimene Mkhristu sayenera kunena. Anthu oposa 1,000 adafa kapena kusoŵa m'dziko muno ndi namondwe uja, ndipo m'masiku amenewo tidamva ena akulalika kuti chidali chilango cha machimo. Ambuye Yesu adakana maganizo otere pamene ankakamba za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu idaŵagwera, monga tiŵerenga pa Luka 13. Abwenzi a Yobe adachita bwino masiku asanu ndi aŵiri amene adakhala naye pansi osanena kanthu. Adayamba kulakwa atatsekula pakamwa kuti amfotokozere chifukwa cha mavuto ake, ndipo pomaliza Mulungu adaŵadzudzula iwowo.

Zilipo zimene tingathe kunena, ndipo ndidazinena. Ndidavomera kuti sindidziŵa chifukwa chake mwana uja adafa pamene ine ndili moyo. Ndidati Mulungu amene timpembedza sadaonere masautso a anthu ali patali, koma adaloŵamo yekha, nafa imfa ya munthu wosalakwa, amai ake akupenya. Ndidamfunsanso kuti: mkwiyo umene uli mumtima mwanu, achimwene, wonena kuti mwana sayenera kufa chotere, ukuchokera kuti? Matope sadziŵa chilungamo, phiri silidziŵa chifundo. Ngati kulibe wina woposa matope ndi phiri, imfa ya mwana uja ndi chinthu chongochitika, ndipo palibe amene adzaikonze. Ine ndikhulupirira kuti kulira kwanu kukunena zoona, ndi kuti alipo woti akumve. Adamvetsera mpaka ndidamaliza, koma sadavomere. Adati mwina anthu amangofuna kuti zikhale choncho. Ndidamuyankha kuti kufuna chinthu sikutsimikiza kuti chilipo, komanso sikutsimikiza kuti kulibe. Ludzu la munthu si umboni wakuti madzi ndi bodza.

Funso lake lachiŵiri lidali la mbiri. Adati Chikhristu chidabwera ndi Azungu kudzatifeŵetsa mitima kuti atilande minda. Munthu wa ku Chiradzulu sangaliseke funso limeneli, pakuti agogo athu adalima thangata m'minda ya Azungu ku Magomero. Tiyenera kuvomeranso kuti amishoni ena adanyoza miyambo yathu asanaimvetse, ndipo ena adakhala chete pamene akadayenera kulankhula. Usiku wa pa 26 Januwale 1915 anthu a John Chilembwe adatentha mishoni yathu ya Nguludi navulaza koopsa Bambo Swelsen. Zimenezi zisonyeza kuti kwa iwo mishoniyo inkaoneka kuti ili mbali imodzi ndi boma la atsamunda. Wobisa zotere poteteza Eklezia akuiteteza ndi bodza, ndipo mwana wophunzira adzamgwira.

Koma mbiri yomweyo ili ndi tsamba lina. Chilembwe mwini wake adali mbusa wa mpingo wa Baptist, amene adayambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe mu 1900. Muyeso umene adayezera nkhanza za thangata adaupeza m'Baibulo lomwelo, limene limati anthu onse adalengedwa m'chifaniziro cha Mulungu. Eni minda ku Magomero ankatentha matchalitchi a anthu ake chifukwa ankaona kuti Chikhristu chotere chikudzutsa anthu. Chikhulupiriro chimenechi chidafika ku Ethiopia m'zaka za m'ma 300, maiko ambiri a ku Ulaya asanachimve, ndipo Augustine Woyera adali mwana wa Afrika, wobadwira m'dziko limene lero ndi Algeria. Kwathu kuno, pa 8 Malichi 1992, m'matchalitchi onse a Katolika mudaŵerengedwa kalata ya Aepiskopi, motsogozedwa ndi Ambuye James Chiona, yodzudzula kumanga anthu popanda mlandu ndi kutseka anthu pakamwa. Aepiskopiwo adaitanidwa ku polisi, koma chaka chotsatira, pa 14 Juni 1993, Amalaŵi adavota kusankha ndale za zipani zambiri. Mankhwala ogonetsa tulo sachita zotere.

Funso lachitatu ndilo lidandilasa koposa, chifukwa lidali lonena za ife. Adatchula alaliki ogulitsa madzi ndi mafuta kwa odwala amene akadayenera kupita ku chipatala. Adatchulanso agogo amene amanenedwa ufiti, kumenyedwa ndi kutenthedwa nyumba, ndipo pakati pa oponya miyala pamakhala ena ovala korona m'khosi. Lamulo la mu 1911 lidaletsa kunenera munthu ufiti, komabe okalamba ambiri adaponyedwa m'ndende pa milandu yotere. Iye adandikumbutsa kuti cha m'ma 2011 munthu amene adatchuka pomenyera agogo otereŵa kuti atuluke adali George Thindwa, amene ankatsogolera bungwe la Association for Secular Humanism, munthu wonena poyera kuti sakhulupirira Mulungu. Nzoona kuti bungwe lathu la Chilungamo ndi Mtendere nalonso lakhala likudzudzula nkhanzazi, koma pamudzi, pamene gogo akukokedwa, ndi angati a ife a mu mphakati amene timaima pakhomo pake?

Apa sindidadziteteze, ndipo Eklezia yomwe siidziteteza pamenepa. Msonkhano Waukulu Wachiŵiri wa ku Vatican, m'chikalata chake cha Gaudium et Spes cha mu 1965, udavomera kuti okhulupirira ali ndi gawo lalikulu pa kusakhulupirira kwa anzao: pamene saphunzira bwino chikhulupiriro chao, pamene achiphunzitsa mokhota, ndi pamene moyo wao uphimba nkhope ya Mulungu m'malo moionetsa. Mwana akaona atate ake akuimba m'kwaya m'maŵa, madzulo nkumamenya amai ake, waŵerenga kale buku lotsutsa Mulungu lamphamvu kuposa onse a ku yunivesite.

Tsono tichite chiyani ndi wokayika amene tikudya naye mbale imodzi? Mthenga Wabwino wa Yohane, mutu 20, uli ndi kanthu kamene kaŵirikaŵiri timakalumpha. Atumwi adamuuza Tomasi kuti aŵaona Ambuye, iye nakana kwamtuwagalu mau a abale ake khumi. Patapita masiku asanu ndi atatu, Yesu atabweranso, Tomasi adali m'nyumba momwemo pamodzi nao. Sabata yathunthu adakhala ndi munthu woŵayesa onama kapena olota, koma sadamtsekere kunja. Akadampirikitsa tsiku loyamba lija, sakadakhalapo pamene Ambuye adafika. Ndipo Ambuye atafika sadamlalatire. Adamuonetsa mabala ao.

Kwa inu makolo, tanthauzo lake nali. Mwana wokayika musamthamangitse pakhomo, musammane chakudya kapena fizi, musamutche wa Satana pamaso pa abale ake. Akulu adati fupa lokakamiza limaswa mphika. Msonkhano womwe uja wa ku Vatican udaphunzitsa mu 1965 kuti munthu asaumirizidwe kukhulupirira, chifukwa chikhulupiriro chokakamiza si chikhulupiriro konse. Mloleni afunse, pakuti safunsa adadya phula. Mwana amene aletsedwa kufunsa kunyumba adzakafunsa pa foni, ndipo kumeneko oyankha ngambiri amene samkonda. Pamene simudziŵa yankho nenani kuti simudziŵa, ndipo mukafunse kwa akatekisiti kapena kwa ansembe. Inunso phunzirani: ambiri a ife tidalekeza katekisimu tsiku la Ulimbitso, ndipo tikuyankha mafunso a munthu wa zaka 25 ndi nzeru zimene tidalandira tili ndi zaka 12.

Wina adzati, "Bambo, kodi kumeneku si kufooka? Tikangomvetsera, ana ang'ono adzatengera." Nkhaŵa imeneyi njoona, ndipo sindikunena kuti tibise chimene tikhulupirira. Mnyamata uja ndidamuuza mosapsatira kuti Yesu adauka kwa akufa, ndi kuti anthu amene adathaŵa Lachisanu Loyera sakadalola kumenyedwa ndi kuphedwa chifukwa cha nkhani imene adaipeka okha. Banja lipitirize kupemphera madzulo, ndipo wokayikayo alemekeze pemphero la makolo ake monga iwo alemekezera ufulu wake. Petulo Woyera, m'kalata yake yoyamba, mutu 3, amatilamula zinthu ziŵiri pamodzi: kukhala okonzeka kufotokoza chifukwa cha chiyembekezo chathu, ndi kuchita zimenezo mofatsa ndi mwaulemu. Wosiya choyamba wataya choona, wosiya chachiŵiri wataya munthu amene choonacho chimamfunafuna.

Tiyeneranso kudziŵa malire a ntchito yathu. Zifukwa zimachotsa miyala panjira, koma wotembenuza mtima ndi Mzimu Woyera, ndipo ali ndi nthaŵi yake. Monica Woyera adamlirira mwana wake Augustine zaka zambiri, namtsata kuchoka ku Afrika mpaka ku Milan. Augustine adabatizidwa ndi Ambrose Woyera mu 387, ali ndi zaka 32, ndipo amai ake adamwalira chaka chomwecho. Mwanayo adalemba pambuyo pake kuti chimene chidayamba kumkoka kwa Ambrose chidali kukoma mtima kwake, chiphunzitso nkubwera pambuyo. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Mnyamata wa kwa Mpama uja sanabwererebe ku Masakramenti. Takumana kangapo, ndipo nthaŵi zina iye ndiye amandisiya ndi funso loti ndigone nalo. Amai ake adandifunsa tsiku lina, "Bambo, kodi mwamlephera?" Ndidaŵayankha kuti, "Mai, ine sindidamgonjetse, koma tikulankhulanabe. Inu musaleke kumphikira, musalekenso kumpempherera." Lamulungu lililonse iye amaŵakweza amai ake panjinga kudza nao ku tchalitchi, chifukwa miyendo yao idayamba kuvuta, ndipo amaŵadikira panja pansi pa mtengo wa mango uja kufikira Misa itatha. Akhristu ena adafuna kukamuuza kuti ngati saloŵa azikhala kwao. Ndidaŵapempha kuti amleke, ndipo kuti potuluka azimpatsa moni.

M'parishi iliyonse muli a Tomasi otere, ena panja pa tchalitchi, ena m'kati momwe atakhala chete. Mwezi uno, pa pemphero la madzulo, banja lililonse litchule mmodzi dzina lake pamaso pa Mulungu, ndipo wina wa m'banjamo akamchezere, akamve funso lake mpaka kumapeto asanayambe kuyankha.