Mbusa Nayenso ndi Nkhosa

Kuwerenga kwa lero: 1 Mafumu 19:1-21

Eliya anapempha imfa ntchito yake itangoyenda bwino kuposa kale lonse. Anali atangotsika pa phiri la Karimeli, pamene anaima yekha pamaso pa aneneri a Baala 450, moto n'kutsika kuchokera kumwamba anthu onse akupenya. Mvula imene inakanika zaka zitatu ndi theka inagwa tsiku lomwelo. Koma uthenga umodzi wochokera kwa Yezebeli, woti pofika mawa lake adzakhala atamupha, unamuthetsa mphamvu munthu wa Mulungu. Anathawa ku Yezireeli mpaka kukafika ku Beereseba, kumwera kwa Yuda, mtunda wopitirira makilomita 100. Kumeneko anasiya mnyamata wake n'kulowa yekha m'chipululu ulendo wa tsiku lathunthu. Atakhala patsinde pa kamtengo, anauza Mulungu kuti watopa nazo, angomutenga basi.

Otumikira mumpingo amakudziwa kutopa kotere, kungoti sakunena. Abusa okhala ndi nthambi zingapo amayamba sabata ndi maliro, mawa lake ali kuchipatala, mkuja akuyanjanitsa banja limene ankhoswe alephera. Loweruka kuli ukwati, Lamulungu maulaliki awiri, kenako msonkhano wa akulu a mpingo mpaka dzuwa kupendeka. Mayi wa Mvano wangofika kuchokera kumanda, wachapa bulauzi yake yoyera n'kuyanika pachingwe. Isanaume n'komwe, foni yalira: kwagwanso zovuta kutsidya. Nsima imene ana anamuvundikirira yazizira patebulo, iye wamanga kale duku. Akatekisiti, atsogoleri a miphakati, aphunzitsi a Sande sukulu, oimbitsa kwaya, onsewa ali ndi minda, mageni ndi ana ofuna fizi, koma mpingo ukaitana amayankha kuti, "Tikubwera." Ndani amawafunsa ngati adya?

Taonani mmene Mulungu anamulandirira mneneri wake. Sanamudzudzule kuti chikhulupiriro chachepa, sanamukumbutsenso za moto wa pa Karimeli. Anamusiya agone. Mngelo atamukhudza, Eliya anapeza kumutu kwake mkate wootcha pa miyala yamoto ndi mtsuko wa madzi. Anadya, anamwa, n'kugonanso. Mngelo anabweranso kachiwiri kudzamudyetsa, pakuti ulendo umene unali kutsogolo unali woposa mphamvu zake. Mafunso anabwera pambuyo. Choyamba chinali chakudya ndi tulo. Amene anatiumba ndi dothi saiwala kuti tili ndi thupi.

Ambiri a ife timauona mpumulo ngati ulesi, mwinanso ngati tchimo. Timanyadira kunena kuti sabata yonse sitinagone m'nyumba, ndipo anzathu amatiyamikira kuti ndife odzipereka. Komatu kuseri kwa khama lotere nthawi zina kumabisala maganizo oti tikangokhala pansi ife, ntchito ya Mulungu igwa. Kugona n'kuvomereza kuti mpingo uli ndi Mwini wake, amene Masalimo 121 amatiuza kuti sawodzera. Munthu amene wapemphera, n'kuzimitsa foni usiku, n'kusiya nkhosa m'manja mwa Mbusa Wamkulu kufikira m'mawa, wachita chinthu cha chikhulupiriro.

Ndi mphamvu ya chakudya chija Eliya anayenda masiku 40 mpaka ku Horebu, phiri la Mulungu, n'kulowa m'phanga. Mulungu atamufunsa chimene ankachita kumeneko, iye anadandaula kuti watsala yekhayekha. Kodi zinali zoona? M'mutu 18 timawerenga kuti Obadiya, kapitawo wa kunyumba ya mfumu Ahabu, anamuuza Eliya pamaso kuti anabisa aneneri a Yehova 100 m'mapanga, 50 uku 50 uku, n'kumawapatsa chakudya ndi madzi. Eliya anazimva ndi makutu ake, koma kutopa kunamuiwalitsa. Ndi mmene kumachitira kutopa. Kumatichititsa kuona ngati anzathu onse ndi amphwayi, ngati mpingo wonse tausenza ndife. Mawu amayamba kutuluka aukali, kunyumba ana amayamba kutiopa, ndipo ntchito imene tinaiyamba ndi chimwemwe timaigwira tikung'ung'udza. Mulungu anamuwongolera: mu Israeli munali anthu 7,000 amene sanagwadire Baala.

Paphiripo panadutsa mphepo yong'amba matanthwe, kenako chivomezi, kenako moto, koma Yehova sanali m'zimenezo. Pambuyo pake panamveka mawu apansipansi, ndipo Eliya anafunda nkhope n'kutuluka kukaima pakhomo pa phanga. Mneneri amene anazolowera kuona Mulungu akuyankha ndi moto pamaso pa khamu anayenera kuphunzira kumumva kulibe womuonerera. Apa m'pamene atumiki ambiri timaphonya. N'zotheka kutsegula Baibulo tsiku lililonse pofuna vesi ya pamaliro, ya paukwati, ya kwa odwala, koma osalitsegula kuti litilankhule ifeyo. N'zotheka kupempherera mudzi wonse n'kutha miyezi osamuuza Mulungu za mtima wathu. Yesu mwini, anthu akumufunafuna ku Kaperenao, analawirira m'bandakucha kupita kwayekha kukapemphera. Ophunzira ake atabwerako kokalalika, anthu n'kuwapanikiza mpaka kusowa mpata wodyera, Iye anawatenga m'ngalawa kuti akapumule. Ngati Ambuye anaona kuti n'koyenera, ife ndife yani kuti tizikana?

Mulungu sanamuchotse Eliya pa ntchito. Anamubweza, koma osati kuti akapitirize yekha. Anamutuma kukadzoza Elisa, mwana wa Safati, amene anamupeza akulima ndi ng'ombe, ndipo kuyambira pamenepo Elisa anamutsata n'kumamutumikira. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Mumpingo mwanu muli mnyamata amene angathe kutsogolera mapemphero a pakati pa sabata, muli mayi amene angathe kuyendera odwala, bola wina awakhulupirire ndi kuwaphunzitsa. Mwina poyamba sadzachita bwino ngati inu. Apatseni mpatawo ndithu. Nthawi zina chimene chimatiletsa kugawa ntchito si kusowa kwa anthu, koma kukoma kwa kumva kuti popanda ife palibe chingachitike.

Zoti musinkhesinkhe

Kodi munakhala liti pamaso pa Mulungu opanda ulaliki woti mukonze kapena munthu woti mumupempherere? Pa ntchito zimene mwasenza, ndi iti imene Mulungu anakupatsani, nanga ndi iti imene munangoitola poopa kuti anthu anena? Sankhani tsiku limodzi, kapena masana amodzi, sabata ino loti mupume, ndipo muuze a pabanja panu ndi akulu anzanu kuti akuthandizeni kulisunga. Tchulaninso mumtima dzina la munthu mmodzi amene mungayambe kumugawira ntchito. Ngati inu simuli pa udindo, ganizirani mtumiki wotopa amene mungamupititsire chakudya kapena kumulandira ntchito ina.

Pemphero

Atate wathu wakumwamba, mpingo ndi wanu, ife ndife antchito chabe. Tikhululukireni pamene tayesa kusenza zimene Inu nokha mungathe. Tiphunzitseni kudya ndi kugona moyamika, kumva mawu anu tisanakawauze ena, ndi kuona anzathu amene mwatipatsa pa ntchitoyi. Limbitsani abusa, akulu a mpingo, amayi ndi achinyamata onse amene afooka lero, kuti adzuke ndi mphamvu zochokera kwa Inu. Tapempha m'dzina la Yesu Khristu, Mbusa wathu Wabwino. Ameni.